Mlendo ndi Kulambira Kwake Pansi pa Aperisi, Agiriki, ndi Aroma

1, 2. (a) Kodi mabanja olankhula Chicheŵa anafika motani m'mafamu onga a ku Tengwe? (b) Kodi ndi mafunso aŵiri ati amene mlendo amayang'anizana nawo?

KU Tengwe, dera la mafamu a fodya pafupi ndi Karoi m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, kuli mabanja amene agogo awo anabadwira ku Nyasaland, kummaŵa kwa Northern Rhodesia, kapena ku Tete. Ena a agogowo anayenda pansi kwa masabata angapo kudzafuna ntchito m'Southern Rhodesia. Ena anakwera malole aulere amene boma linayamba kuyendetsa m'ma 1930, ndipo enanso analembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba antchito limene linakhazikitsidwa mu 1946. Pamodzi ndi kamtolo ka zovala, iwo anadza ndi chinenero chawo ndi kulambira kwawo. Ena anali a matchalitchi a mishoni, ena Asilamu, ndipo ena anali a gule wamkulu.

2 Kwawo anawatcha matchona, popeza kuti ambiri sanabwerere. Kumene anafikako anakhalabe alendo. Nyumba ya pakomboni inali ya mwini famu, ndipo kaŵirikaŵiri ngakhale chisakasa chosonkhaniramo chinafunikira chilolezo chake. Pamene mafamu anayamba kulandidwa ndi kugaŵidwanso mu 2000, antchito ambiri anataya ntchito ndi pokhala pomwe. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ambiri obadwira m'Zimbabwe kwa makolo ochokera kunja anaŵerengedwa monga alendo, kufikira malamulo aakulu a dziko a 2013 atawazindikira kukhala nzika mwa kubadwa. Chotero mafunso aŵiri akhala akuwatsatira: Kodi mlendo adzaŵerengedwa pakati pa eni dziko? Ndipo kodi adzaloledwa kulambira monga mwa chikumbumtima chake? Mafunso ameneŵa ngakale kwambiri. Aperisi, Agiriki, ndi Aroma anawayankha m'njira zosiyana, ndipo mayankho awo ali ndi maphunziro.

Aperisi: Chilolezo Chochokera kwa Mfumu

3. Kodi Cyrus anachita motani ndi milungu ya anthu amene anagonjetsa?

3 Cyrus, amene oŵerenga Baibulo amamdziŵa monga Koresi, anagonjetsa Amedi cha mu 550 B.C.E. ndi kulanda Babylon mu 539 B.C.E. Cholembedwa chake china chadongo, chimene chinafukulidwa ku Babylon mu 1879 ndipo chikusungidwa ku British Museum ku London, chimanena kuti mulungu wa Babylon, Marduk, ndiye anamsankha, ndi kuti iye anabwezera mafano a milungu ku akachisi awo ndi anthu kumidzi yawo. Cholembedwacho sichimatchula Ayuda, koma buku la Ezara limasimba za lamulo la Cyrus lowalola kubwerera ku Jerusalem kukamanganso kachisi. Ntchitoyo inatha cha mu 515 B.C.E., mu ulamuliro wa Darius I.

4. Kodi Aperisi eniwo analambira motani?

4 Aperisi eniwo analemekeza Ahura Mazda. Pathanthwe la Behistun, Darius I anazokota m'zinenero zitatu kuti mulungu ameneyo ndiye anampatsa ufumu, ndi kuti amene anampandukira anali otsatira Bodza. Wolemba mbiri wachigiriki Herodotus anasimba kuti Aperisi anali kupereka nsembe pamwamba pa mapiri, Mmagi, kapena kuti wansembe, akumaimba pambali. Chiphunzitso cha Zoroaster chinagogomezera nkhondo ya pakati pa choonadi ndi bodza, kupatulika kwa moto, ndi chiweruzo pambuyo pa imfa. Komabe, mafumuwo sanaumirize mitundu yogonjetsedwa kulandira zikhulupiriro zimenezi. Chimene anafuna kwenikweni chinali msonkho, antchito, ndi bata.

5. Kodi mapale a ku Persepolis amavumbula chiyani ponena za antchito achilendo?

5 Mu 1933 ndi 1934, ofukula za m'mabwinja anapeza mapale zikwi zambiri ku Persepolis, olembedwa pakati pa 509 ndi 493 B.C.E. Iwo ali mabuku a phoso, chakudya chimene antchito anapatsidwa monga malipiro. Amatchula magulu ochokera ku Egypt, Babylon, Lydia, Thrace, ndi kwina, olandira barele, vinyo, ndi moŵa. Mkazi wobala mwana anawonjezeredwa phoso, ndipo wobala mwamuna analandira kuŵirikiza kaŵiri. Wapaulendo anafunikira kusonyeza chikalata chodindidwa kuti apatsidwe chakudya panjira. Nkhokwe imodzimodziyo inatulutsanso dzinthu za nsembe kwa Ahura Mazda, kwa Humban wa Aelamu, ndi kwa Adad wa Ababulo. Okalamba amene anaimapo pamzera wa phoso pafamu sangavutike kumvetsa mapale ameneŵa.

6, 7. (a) Kodi nchiyani chinachitikira Ayuda a ku Elephantine? (b) Kodi ufulu wa kulambira pansi pa Aperisi unadalira pa chiyani?

6 Kodi chilolezo chimenecho chinali chodalirika motani? Talingalirani zimene zinachitika mu Afirika momwe muno. Pachisumbu cha Elephantine mumtsinje wa Nile, pafupi ndi Aswan, panali mudzi wa asilikali achiyuda otumikira Aperisi. Iwo anali ndi kachisi wawo, amene anamangidwa Cambyses asanagonjetse Egypt mu 525 B.C.E. Mu 410 B.C.E., ansembe a Khnum, mulungu wa mutu wa nkhosa yamphongo, anapangana ndi mkulu wachiperisi wotchedwa Vidranga, ndipo kachisiyo anagwetsedwa. Mu 407 B.C.E., mtsogoleri wa mudziwo, Jedaniah, analembera bwanamkubwa wa Judah kalata yaulemu yopempha thandizo. Yankho linavomereza kumanganso, likumatchula nsembe zaufa ndi zofukiza, koma osatchula nsembe za nyama.

7 Motero ufulu wa mlendo unadalira pa mtima wa wolamulira ndi pa kukhulupirika kwa nduna zake. Xerxes, mwana wa Darius, anadzitama m'cholembedwa china kuti anawononga malo olambirirapo milungu imene iye anaiona kukhala yonyenga. Dzanja lopereka chilolezo linali lokhozanso kuchilanda.

Agiriki: Milungu ya Mzinda ndi Eni Mzinda

8. Kodi kulambira kwa Agiriki kunali kogwirizana motani ndi mzinda?

8 Agiriki sanali ufumu umodzi, koma mizinda yambiri yodzilamulira. Analibe buku lopatulika limodzi. Zeus, Hera, Apollo, Athena, ndi milungu ina anasimbidwa monga okwiya, ansanje, ndi okondera mofanana ndi anthu. Mzinda uliwonse unali ndi mulungu wouyang'anira, monga momwe Athens analili ndi Athena. Kulambira kunali makamaka nsembe, mapwando, ndi maseŵera, onga a ku Olympia ochitidwa polemekeza Zeus. Asanayambe nkhondo kapena kumanga mudzi watsopano, atsogoleri anali kukaombeza kwa Apollo ku Delphi. Kunyalanyaza milungu ya mzinda kunali mlandu. Mu 399 B.C.E., Socrates anaweruzidwa kuti afe pamlandu wa kusalemekeza milungu ya Athens ndi kusocheretsa achichepere.

9, 10. (a) Kodi mlendo wokhala mu Athens anali ndi malo otani? (b) Kodi alendo ena anapeza motani malo olambirirapo?

9 Nanga bwanji mlendo? Lamulo la Pericles la mu 451 B.C.E. linati nzika ndiye yekha wobadwa kwa atate ndi amayi a mu Athens. Mlendo wokhazikika anafunikira nzika yomuimirira, ndipo anakhoma msonkho wa madrakima 12 pachaka, pafupifupi malipiro a mmisiri a masiku 12. Wolephera kukhoma akanatha kugulitsidwa monga kapolo. Mabuku a malipiro a kachisi wa Erechtheion amasonyeza kuti alendo ambiri anasema miyala yake pamodzi ndi nzika ndi akapolo. Komabe mlendo sanaloledwe kukhala ndi munda kapena nyumba yakeyake popanda chilolezo chapadera. Paligubo wa phwando la Athena, alendo anapatsidwa ntchito ya kunyamula mbale za nsembe, mitsuko ya madzi, ndi maambulera.

10 Popeza kuti sakanatha kugula malo, sakanathanso kumanga kachisi popanda kupempha. Mwala wina wa mu 333 B.C.E. umasonyeza amalonda a ku Kition, pachisumbu cha Cyprus, akupempha msonkhano wa nzika za Athens kuti uwalole kupeza malo omangapo kachisi wa Aphrodite. Analoledwa, ndipo chosankhacho chinatchula kuti anthu a ku Egypt anali atamanga kale wa Isis. Pansi pa Aperisi mlendo anapempha kwa mfumu. Mu Athens anapempha kwa eni mudzi. Konseko anali wopempha.

11. Kodi nchifukwa ninji Malemba Achihebri anatembenuzidwira m'Chigiriki?

11 Alexander wa ku Macedonia anasintha zinthu. Anayamba kumenyana ndi Persia mu 334 B.C.E., anayala maziko a Alexandria m'Egypt mu 331 B.C.E., anatentha Persepolis mu 330 B.C.E., ndipo anafera ku Babylon mu 323 B.C.E. Akazembe ake anagaŵana ufumuwo, ndipo Chigiriki chinakhala chinenero cha msika ndi cha boma. M'Egypt mafumu a banja la Ptolemy anachirikiza Serapis, mulungu wosanganiza mikhalidwe ya milungu ya Egypt ndi ya Agiriki. Ayuda ambiri anakhazikika mu Alexandria, ndipo ana awo anakula akulankhula Chigiriki. Chotero m'zaka za zana lachitatu B.C.E., ntchito ya kutembenuzira Malemba Achihebri m'Chigiriki inayambika kumeneko. Matembenuzidwe amenewo amatchedwa Septuagint.

12. Kodi Antiochus IV anachitanji, ndipo nchiyani chinatsatira?

12 Si mafumu onse achigiriki amene analekerera. Mu 167 B.C.E., Antiochus IV analetsa mdulidwe ndi kusunga Sabata mu Judea, analamula kuti mipukutu ya Chilamulo iwonongedwe, ndipo anapatulira kachisi wa ku Jerusalem kwa Zeus. Panopa ozunzidwawo sanali alendo ayi. Anali kwawo, koma anachitidwa monga alendo. Chipanduko cha Amakabeo chinabuka, ndipo kachisiyo anapatulidwanso mu 164 B.C.E.

Aroma: Chikalata cha Unzika ndi Chikalata cha Nsembe

13. Kodi Aroma anaona kulambira monga chiyani?

13 Kwa Aroma, kulambira kunali pangano la pakati pa boma ndi milungu. Ngati madzoma achitidwa molondola, Jupiter, Juno, ndi Mars akasunga mzinda; ngati anyalanyazidwa, kukadza njala, mliri, kapena kugonja. Ansembe aakulu anali andale omwe aja. Julius Caesar anakhala mkulu wa ansembe mu 63 B.C.E., ndipo kalenda imene anakonza inayamba kugwira ntchito mu 45 B.C.E. Wantchito wa ku Tengwe wonena kuti Januwale kapena Malichi amatchula Janus ndi Mars, ndipo Julaye ndi Ogasiti ali maina a Julius Caesar ndi Augustus, olamulira amene atamwalira analengezedwa kukhala milungu.

14. Kodi Roma analandira motani milungu yachilendo, ndipo malire ake anali pati?

14 Roma anali wofulumira kulandira milungu ya ena. Mu 204 B.C.E., mwala wopatulika wa Cybele unatengedwa ku Asia Minor kumka ku Roma. Pambuyo pake asilikali ambiri analambira Mithras, mulungu wa dzina lochokera ku Persia. Koma kulambira kulikonse kokayikiridwa kuti kukusokoneza bata kunaponderezedwa. Mu 186 B.C.E., nyumba ya malamulo inatsekereza madzoma a Bacchus. Mu 19 C.E., Tiberius anathamangitsa mu Roma Ayuda ndi olambira Isis. Cha mu 49 C.E., Claudius anathamangitsanso Ayuda, ndipo buku la Machitidwe limatchula aŵiri a iwo, Aquila ndi Priscilla, osoka mahema amene anakayambanso moyo ku Corinth.

15. Kodi mlendo akanakhala motani nzika ya Roma?

15 Mosiyana ndi Athens, Roma anatsegula khomo la unzika. Kapolo womasulidwa mwalamulo ndi nzika anakhala nzika. Msilikali wachilendo amene anatumikira zaka 25 anapatsidwa unzika, ndipo umboni wake unazokotedwa patimapale tiŵiri tamkuwa. Timapale totero tafukulidwa m'maiko ambiri, kuphatikizapo Morocco. Potsirizira pake, mu 212 C.E., Caracalla anapereka unzika kwa pafupifupi mfulu zonse za mu ufumuwo.

16, 17. (a) Kodi Akristu anayesedwa motani? (b) Kodi Decius anafuna chikalata chotani?

16 Koma kukhulupirika ku Roma kunayesedwa paguwa la nsembe. Cha mu 112 C.E., Pliny, bwanamkubwa wa Bithynia, analembera Trajan kuti anali kumasula oimbidwa mlandu wa Chikristu ngati apereka zofukiza ndi vinyo pamaso pa fano la mfumu ndi kutukwana Kristu. Pa July 17, 180 C.E., Akristu a ku Scilli, kumpoto kwa Afirika, anazengedwa mlandu ku Carthage. Wowalankhulira, Speratus, ananena kuti iye anali kukhoma msonkho pa malonda ake, koma anakana kulumbira pa mzimu wa mfumu. Anapatsidwa masiku 30 akuti alingalirenso, koma anakana. Okwanira 12 anaphedwa ndi lupanga.

17 Zaka 40 zisanathe chiperekedwere unzika wa Caracalla, Decius analamula kuti anthu a mu ufumu wonse apereke nsembe pamaso pa nduna ndi kulandira chikalata cha umboni. Zikalata zagumbwa zoposa 40 za mu 250 C.E. zapezeka m'Egypt. Chilichonse chimatchula dzina la munthu, chikumatsimikiza kuti iye wathira nsembe yachakumwa ndi kulaŵa nyama ya nsembe, ndipo nduna zinasaina pansi pake. Akristu ena anapereka nsembeyo. Ena anagula chikalata mwa chiphuphu. Ena anathaŵa, ndipo ena anafa. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, mipingo ya ku Carthage ndi ku Roma inagaŵanika pankhani ya mmene akalandirira amene anagonja.

18. Kodi nchiyani chinachitika pamene ozunzidwa anapeza mphamvu?

18 Mu 313 C.E., Constantine ndi Licinius anagwirizana ku Milan kulola munthu aliyense kulambira monga anafunira. Ufuluwo sunakhalitse. Mu 380 C.E., Theodosius analamula anthu ake kutsatira mtundu umodzi wa Chikristu, ndipo mu 391 ndi 392 C.E. analetsa nsembe kwa milungu yakale. Kachisi wa Serapis mu Alexandria anagwetsedwa panthaŵiyo. Odzitcha otsatira a ozunzidwa aja anatenga chikoti chimodzimodzicho.

Maphunziro kwa Alendo ndi kwa Eni Mudzi

19. Kodi nchifukwa ninji kulambira sikuyenera kudalira pa nyumba yokha?

19 Choyamba, chilolezo cha munthu chimatha. Makalata a mudzi wa ku Elephantine amalekeza cha mu 399 B.C.E., mwamsanga Aperisi atataya Egypt. Koma mabuku otembenuzidwa mu Alexandria anakopedwa ndi kuŵerengedwa kwa zaka mazana ambiri akachisi atagwa. Mabanja amene anachoka pakomboni pambuyo pa 2000 anasiya zipupa ndi manda a makolo awo. Chimene anakhoza kunyamula ndicho chimene anali ataphunzira ndi kusunga mumtima.

20. Kodi makolo angaphunzirenji kwa Ayuda a ku Alexandria?

20 Chachiŵiri, ana amamva m'chinenero chimene amaseŵera nacho. Adzukulu ambiri a matchona amalankhula Chishona bwino koposa Chicheŵa. Makolo ena amadandaula nazo, ndipo mpomveka. Komabe, Ayuda a ku Alexandria sanayembekezere kuti ana awo abwerere ku Chihebri asanawaphunzitse. Kholo lanzeru lingaphunzitse mwana chinenero cha agogo, koma zinthu zofunika koposa limazifotokoza m'mawu amene amafika mwanayo pamtima.

21. Kodi zikalata ziŵiri za Aroma zinasiyana motani, ndipo nchifukwa ninji kusiyanako kuli kofunika?

21 Chachitatu, zikalata sizili zofanana. Kapale kamkuwa ka msilikali kanatsimikiza kuyenera kwake, ndipo kufuna chikalata chotero sikulakwa. Jedaniah anapempha mwaulemu ndi kusunga makope a kalata yake, ndipo nchifukwa chake nkhani yake ikudziŵika lerolino. Mofananamo, kholo lolembetsa kubadwa kwa mwana ndi kulondola chitupa chake limamtsegulira njira ya ku mayeso a sukulu ndi ku ntchito. Chikalata cha Decius chinali cha mtundu wina, pakuti mtengo wake unali chikumbumtima. Speratus anadziŵa malire ake: msonkho anakhoma, koma kulambira anakana. Munthu ayenera kudziŵa malire amenewo tsiku la chiyeso lisanafike.

22. Kodi amene anakhalapo alendo ayenera kukumbukira chiyani?

22 Chomalizira nchakuti mlendo wa lero angakhale mwini mudzi maŵa, ndipo mwini mudzi angakhale mlendo. Ufumu womalizira wa Aperisi akale utagwa mu 651 C.E., ena a otsatira Zoroaster anawoloka nyanja kukapempha malo ku Gujarat, ku India, kumene mbadwa zawo zimatchedwa Aparsi. Malaŵi, amene anatumiza ana ake kumafamu a kummwera, analandira othaŵa nkhondo ya ku Mozambique oposa miliyoni imodzi pofika kuchiyambi kwa ma 1990, ndipo mu 1994 anatsegula msasa wa Dzaleka ku Dowa. Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Banja limene linapemphapo malo a chisakasa pafamu ya mwini likudziŵa kuŵaŵa kwa kupempha. Pamene mlendo wa chinenero china kapena wa kulambira kwina afika pakhomo pake, banja limenelo lili ndi chifukwa chabwino cha kumyalira mphasa.

Kodi Mungayankhe Motani?

□ Kodi nkhani ya ku Elephantine imasonyezanji ponena za kulolera kwa Aperisi?

□ Kodi mlendo wokhala mu Athens analoledwa chiyani, ndipo anamanidwa chiyani?

□ Kodi chikalata cha unzika chinasiyana motani ndi chikalata cha Decius?

□ Kodi ndi maphunziro anayi ati amene mabanja onga a ku Tengwe angatengepo?